Zimene migodi yotsekedwa imatiphunzitsa

1. Chinthu chikatha ntchito, tisathamangire kuchigwetsa. Mgodi wa malasha wa Zollverein mumzinda wa Essen ku Germany unatsekedwa mu 1986. Akanatha kuuphwasula n'kugulitsa zitsulo zake, koma anausunga, ndipo mu 2001 bungwe la UNESCO linauika pa mndandanda wa malo ofunika kwa anthu a dziko lonse. Nyumba yomwe ankatsukiramo malasha lero ndi yosungiramo mbiri ya dera la Ruhr.

2. Ntchitoyi siitheka ndi dziko limodzi. Mu 1973 akatswiri a mayiko osiyanasiyana anakumana ku Ironbridge ku England, pomwe pali mlatho wachitsulo wa mu 1779. Msonkhanowo ndiwo unabala bungwe la TICCIH, lomwe limafufuza ndi kulangiza za malo oterewa.

3. Kusunga makina n'kuiwala amene anawagwiritsa ntchito ndi kunama. Pamene mgodi wa pa chilumba cha Hashima ndi malo ena a ku Japan ankalembedwa pa mndandanda wa UNESCO mu 2015, boma la Japan linavomera kuti m'zaka za m'ma 1940 anthu ambiri a ku Korea anagwiritsidwa ntchito mokakamizidwa, ndipo linalonjeza kuwakumbukira. Malo ofotokozera mbiriyi anatsegulidwa ku Tokyo mu 2020, kutali ndi mgodi weniweniwo, ndipo chaka chotsatira komiti ya UNESCO inadandaula kuti lonjezo silinakwaniritsidwe. Ine ndikuti komitiyo inalasa. Mlendo amasilira makoma, koma mwana wa munthu amene anafera m'malasha amafuna kumva dzina la bambo ake.

4. Mwini nkhani azifotokoza yekha. Ku Big Pit ku Blaenavon, m'dziko la Wales, amene amatsitsa alendo mamita 90 pansi ndi anthu omwe anakumbapo malasha.

5. Si zonse zoyenera kusungidwa. Mgodi wa mtovu wa ku Kabwe unatsekedwa mu 1994, koma fumbi lake likudwalitsabe ana. Kumeneko choyamba ndi kuyeretsa nthaka, zachionetsero zibwere pambuyo.

6. Mbiri ya migodi ya ku Joni ndi yathunso. Agogo athu ankapita kumeneko kudzera ku Wenela, mpaka ndege yonyamula ogwira ntchito inagwa ku Francistown mu 1974 n'kupha Amalawi oposa 70, boma n'kuletsa kulemba anthu. Ena mwa amene anabwerako akadali moyo m'midzi mwathu, akutsokomola, ndipo ndi ochepa amene anawafunsapo za moyo wa m'komboni.