Adzawayankhulira Ndani?

Pakati pa ukalamba ndi imfa pali nyengo ina imene ife Amalawi sitikonda kuitchula. Munthu akupuma ndithu, nsima akudya, koma nzeru zayamba kumuthawa.

Taganizirani za bambo amene adayamba ntchito ku Capital Hill likulu litangosamuka ku Zomba mu 1975. Lero ali ndi nyumba ku Area 47, penshoni ku banki ndi kashopu kochititsa lendi ku Old Town. Mwina wilo adalemba, ndipo lamulo la chuma cha masiye la mu 2011 lidzateteza ana awo kwa olanda katundu. Komatu wilo imayamba kuyankhula mwini wake ali m'manda. Nanga dokotala ku Kamuzu Central akafuna chilolezo cha opaleshoni, bambowo osazindikiranso ngakhale mkazi wawo, avomere ndani? Mwana amene ali ku Johannesburg amati ndiye woyenera poti amatumiza ndalama. Mlongo wake, amene amachapa zofunda m'mawa uliwonse, sanena kanthu, koma mumtima akudziwa. Kumudzi nako mphwawo wa bambowo ali ndi mawu ake. Banki sidziwa mwinimbumba; imangodziwa siginecha.

Maloya ali nayo kalata yotchedwa power of attorney, yopatsa wina mphamvu zoyendetsa chuma cha mnzake. Ku England, kumene malamulo athu ambiri adachokera, kalatayi inkatha mphamvu mwini wake akangosokonekera mutu, nthawi yeniyeni imene ikufunika! Adakonza zimenezi mu 1985, ndipo lamulo la mu 2005 lidawonjezera za chithandizo cha kuchipatala. Choncho wopita kwa loya afunsitse kuti kalatayo idzalekera pati.

Ena amati kukamba zotere ndi kulodza kholo, kapena kusirira chuma chake. Mantha awo ndimawamva, pakuti alipodi ana amene agulitsa mapuloti makolo akali moyo. Koma ine ndimaona kuti kukhala chete n'kumene kumalanda nkhalamba ufulu. Bambo amene afunsidwa nzeru zikalipo amasankha okha wosunga khadi la ku banki, amanena okha ngati afuna kudwalira m'tauni kapena kumudzi, ngati nyumba ingagulitsidwe kuti papezeke za mankhwala. Amene sadafunsidwe, zonsezi zimagamulidwa m'khonde la chipatala, ndipo kawirikawiri amapambana ndi amene walipira bilu.