KALATA YA YEREMIYA NDI MADIMBA A KU TEMBWE

Muwerenge Yeremiya 28 ndi 29:1-14.

M'caka ca 597 Kristu asanabadwe, Nebukadinezara mfumu ya ku Babulo anatenga mfumu Yekoniya, ndi akulu a Yuda, ndi amisiri ndi osula, napita nao ku dziko lace. Anthu aja anakhala m'mbali mwa mitsinje ya eni, mitima yao itatsalira ku Yerusalemu. Ndipo anauka mneneri dzina lace Hananiya, nalonjeza kuti zisanathe zaka 2 andende onse adzabwera kwao. Mau ace anakoma m'makutu. Koma munthu woyembekeza kunyamuka mawa sagwira khasu lero. Pamenepo Mulungu anatuma Yeremiya alembe kalata, nawauza kuti ukapolo udzakhala zaka 70, ndipo cifukwa cace amange nyumba, alime madimba, adye zotuluka m'menemo, napempherere mtendere mudzi umene anawatengerako.

Taonani cimene Mulungu anapatsa anthu olira. Anawapatsa lonjezo la kubwerera, inde, koma pamodzi nalo anawapatsa khasu. Kubzala mbeu m'dziko la ukapolo kunali kubvomereza kuti Mulungu ali komweko, ndi kuti adzasunga ana ao kufikira tsiku lace.

Ife a ku Tembwe, m'dziko la Asenga, m'boma la Chama, sitili akapolo. Nthaka iyi ndi ya makolo athu. Koma mzimu wa Hananiya ulipo pakati pathu. Wina ayembekeza cimanga ca cithandizo ca boma. Wina ayembekeza ndalama za mwana wace ali ku Lusaka kapena ku migodi. Wina apereka nkhuku yace yotsiriza kwa mneneri wolonjeza cuma cosagwirira nchito. Pakudikira ponsepo mwana adya nsima ndi mcere.

Tikumbuke caka ca 2024. Mvula inaleka pakati pa dzinja, ndipo pa 29 February Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala cagwetsa tsoka pa dziko lonse, pakuti cimanga ca mahekitala ngati 1,000,000 cinapserera. Ngakhale m'zaka za mvula bvuto likhalapo: kuwerenga kwa boma kwa caka ca 2018 kunapeza kuti mwa ana 100 a m'Zambia osafika zaka 5, ana 35 anali opinimbira. Mwana akhoza kukhuta mpunga wathu wa ku Chama, umene mbiri yace yafika m'masitolo a ku Lusaka, nakhalabe wosakula bwino, cifukwa thupi lifuna zoposa kukhuta. M'masamba obiriwira, monga bonongwe, nkhwani, kholowa, citambe ndi mpiru, ndiponso m'maungu ndi mbatata zofiira m'kati, Mlengi anaikamo za kulimbitsa maso ndi mwazi. Mu nyemba, khobwe ndi nsinjiro anaikamo za kumanga thupi. Mai wotendera ndiwo ndi nsinjiro acita nchito ya sing'anga, angakhale sadziwa.

Tsono kalata ya Yeremiya itiuza ciani ife? Mau atatu.

Loyamba: lima pamene ulipo, ndi cimene uli naco. M'cigwa cino ca Luangwa madzi akaphwa m'mwezi wa April ndi May asiya nthaka yakuda ya cinyontho m'mbali mwa mitsinje ndi m'madambo, ndipo pofukula mcenga madzi apezeka pafupi. Imeneyo ndiyo nyengo ya kufesa repu, kabici, anyezi ndi matimati pa nazale, pakuti mbeu izi zikonda cisanu ca June ndi July. Mbande zikaphuka masamba anai kapena asanu, muziwokere madzulo, dzuwa litapendeka. Ng'ombe n'zocepa kuno cifukwa ca kashembe, koma mbuzi ndi nkhuku zilipo. Unjikani mapesi, udzu, zitosi ndi phulusa mosanjikiza, muwaze madzi, mutembenuze mulu nthawi ndi nthawi, ndipo pakutha miyezi 2 kapena 3 muli nao manyowa osagula. Phimbirani mizere ndi udzu wouma kuti dzuwa lisamwe madzi amene mkazi wanu anasenza pamutu. Kumene munabzala matimati caka cino, caka ca mawa mubzalepo nyemba, kuti matenda a m'nthaka asakhazikike. Ndipo pa nyengo ya masamba ambiri, futsani. Mfutso wosungidwa m'cikwatu ndiwo ndiwo za October.

Ena adzati, Nanga njobvu? Funso ili n'loona, pakuti midzi yathu ili m'dera la nyama la Musalangu, ndipo njobvu, mvuu ndi anyani zikhoza kutha nchito ya miyezi itatu usiku umodzi. Koma njobvu idana ndi tsabola. Alimi a m'cigwa apaka tsabola wosinja, wosakaniza ndi mafuta akutha a galimoto, pa nsanza ndi zingwe zozinga munda. Ena aumba tsabola ndi ndowe, naziotcha usiku kuti utsi uingitse nyama. Bungwe la COMACO, limene linayamba m'caka ca 2003, lalandira mifuti ndi misampha ya osaka ambiri a m'cigwa ca Luangwa, niliwaphunzitsa ulimi ndi kuwagula mpunga, nsawawa ndi uci. Munthu amene kale anagona m'chire ndi mantha a kundende, lero agona m'nyumba mwace. Njira ilipo kwa iye wofuna kuiyenda.

Laciwiri: usanyozere dimba lako poona la mwini cuma. Mwamva kuti pafupi ndi mizinda yaikulu alimi amanga nyumba za pulasitiki, zocedwa greenhouse, zochinga mvula, mphepo ndi tizirombo, nakolola matimati ngakhale pakati pa dzinja. Mwamvanso za kulima kopanda nthaka, kumene mizu ikhala m'madzi osungunuliramo cakudya ca mbeu. William Gericke, mphunzitsi wa ku California, anaonetsa njira iyi m'caka ca 1929, ndipo m'caka ca 1937 inalandira dzina lakuti hydroponics. Nzeru izi n'zabwino, ndipo zicokera kwa Mulungu yemweyo. Mwana wanu akaziphunzira, musamletse. Koma zindikirani kuti anzeru aja sanalenge kanthu. Angotsira m'madzi mcere womwewo umene mbeu ipeza m'manyowa anu, naika denga monga inu muika kamthunzi ka udzu pa nazale m'cilimwe. Paulo anakumbutsa Akorinto kuti wobzala ndi wothirira ali anchito cabe, ndipo mwini kukulitsa ndiye Mulungu (1 Akorinto 3:6-7). Nkhalamba yosakhoza kufika kumtsinje ikhoza kudzaza thumba ndi dothi ndi manyowa, kuboola m'mbali mwace, kubzalamo mpiru pakhonde, ndi kuthirira ndi madzi otsukira mpunga. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Lacitatu, ndilo lolemera koposa: Yeremiya anauza andende kuti mtendere wao udzacokera mu mtendere wa mudzi wonse. Dimba limene lipulumutsa banja likhozanso kupasula mudzi. Kangati abale a mimba imodzi aleka kulonjerana cifukwa ca malire a dimba, kapena citsime cofukula m'mcenga, kapena mbuzi yolowa mu mpiru wa mwini? Milandu yotere ifika kwa anyakwawa ndi kwa Mfumu Tembwe, ndipo oimba mlandu ndi oimbidwa mlandu akhala pa benchi limodzi tsiku la Sabata. Kumbukirani Ahabu: anakhumbira munda wamphesa wa Naboti kuti ausandutse dimba la ndiwo, ndipo mwazi unakhetsedwa cifukwa ca kamunda (1 Mafumu 21). Mkristu wosuntha malire usiku, kapena wolanda dimba la mkazi wamasiye maliro asanaiwalike, ayenda m'mapazi a Ahabu, angakhale aimba bwino m'kwaya.

Njira ya Mulungu ndi yina. Cilamulo ca Mose cinaletsa mwini munda kukolola kufikira m'mphepete, kuti wosauka ndi mlendo apezepo kanthu (Levitiko 19:9-10). Makolo athu anati kupatsa n'kuika. Ndipo njobvu iphunzitsa comweco, pakuti mlimi mmodzi sakhoza kulonda usiku uliwonse, koma madimba khumi oyandikana, okhala ndi mpanda umodzi ndi alonda osinthana, apulumuka. Mutu umodzi susenza denga.

Cifukwa cace, akulu a mpingo, pakutsegula kalendala iyi pa mwezi wa April, musawerenge masiku okha. Werengani nyumba za m'mudzi mwanu zosowa dimba, mudziwe cifukwa cace. Kumene kwasowa mbeu, gawanani mbande. Kumene kwasowa mphamvu, anyamata a mpingo apite ndi makasu tsiku limodzi. Kumene kuli mlandu wa malire, uthe tisanafike pa Mgonero wa Ambuye. Ndipo inu abambo, kuthirira si nchito ya akazi okha. Keni ilemera cimodzimodzi m'dzanja la mwamuna.

Hananiya anamwalira caka comweco ca ulosi wace, ndipo mau ace anafa naye. Koma iwo amene anamvera kalata, nalima m'dziko la eni, anasunga ana ndi zidzukulu, ndipo zidzukuluzo ndizo zinabwera kudzamanganso Kacisi.

Tipemphere. Atate wathu, Mwini mvula ndi dzuwa, ticotsereni ulesi wobisala m'kudikira, ndi umbombo wobisala m'khama. Dalitsani makasu a ku Tembwe, sungani madimba athu ku zirombo ndi ku ndeu, ndipo mwana asagone ndi njala pafupi ndi dimba la Mkristu. M'dzina la Yesu Kristu Ambuye wathu. Amen.