Za Bokosi la Zoseweretsa Ana: Kodi Likhale ndi Loko?

Mwezi uno tifuna kunena za kanthu kakang'ono, kamene ena adzati sikayenera malo m'kalata ya Eklesia. Pano pa Njuli, pa mseu wochokera ku Limbe kunka ku Zomba, atate ena achikristu ayamba kupempha amisiri a matabwa kuti awakhomere bokosi losungiramo zoseweretsa za ana ao. Mmisiri akamva pempho lotere afunsa mafunso awiri: "Likhale lalikulu bwanji?" ndiponso, "Kodi ndiikepo loko?" Funso loyamba liyankhidwa ndi ndalama za m'thumba. Lachiwiri lifunika kulingalira, pakuti likhudza mtima wa mwana.

Makolo athu analibe bokosi lotere, ndipo sanalisowe. Mnyamata akafuna ng'ombe anatsikira kudambo, nakumba dongo, naumba ng'ombe ndi linunda lache, naiyanika padzuwa. Mtsikana anatola chitsononkho, nachikulunga m'kansanza, nachibereka kumbuyo monga amai ache abereka khanda. Nguli anaisema ndi mpeni. Bawo analikumba pansi. Atakolola chimanga, ana anamanga timisasa ta mapesi nachita masanje. Ikagwa mvula ng'ombe ija inasungunuka nibwerera kudothi, koma mwiniwache sanalire nthawi yaitali, pakuti luso linatsala m'zala zache, ndipo dambo silinachoke. Ngakhale galimoto yamawaya ndi mpira wachikulunga, zimene zinadza m'mbuyo, zitsata mwambo womwewo: mwana atola chotayidwa, nachipanga yekha.

Tisayese kuti ichi nchathu chokha. Anthu ofukula mabwinja a Mohenjo-daro, m'dziko la Pakistan, anapeza tingolo tadothi ndi ting'ombe tache, taumbidwa zaka zoposa 4,000 zapitazo. Ana a ku Aigupto anali ndi mipira ndi nguli. Mu 1889, mu mzinda wa Roma, anatsegula manda a namwali dzina lache Crepereia Tryphaena, napeza pambali pache chidole cha mnyanga wa njobvu, chopinda manja ndi miyendo. Ndipo iwo onena kuti kusewera ndi ulesi atsegule Zekariya 8, pamene mneneri, pofuna kuonetsa mtendere wa Yerusalemu, anena za anyamata ndi atsikana akusewera m'miseu. Atsegulenso Mateyu 11, pamene Ambuye wathu atenga fanizo kwa ana ochita masewero a ukwati ndi a maliro pamsika. Iye anawapenyetsetsa anawo, nadziwa masewero ao. Taonani kuti m'malo onse awiri ana ali pabwalo, ndipo ali pamodzi.

Nanga bokosi lidachokera kuti? Lidadza pamene zoseweretsa zinasanduka malonda. Ku mapiri a Erzgebirge m'dziko la Germany, pa mudzi wa Seiffen, migodi italeka kupindula, anthu anayamba kusema zidole za mitengo ndi kuzitumiza kumaiko ena. Chimodzi chotchuka chinali chingalawa cha Nowa ndi nyama zache ziwiriziwiri. Ndipo ku England m'zaka za m'ma 1800 mabanja ena opembedza sanalole choseweretsa china pa Sabata koma chokhachi. Chingalawacho chinalinso bokosi, pakuti madzulo nyama zonse zinabwezedwamo. Mphunzitsi Friedrich Froebel, amene mu 1840 anatcha sukulu yache ya ana aang'ono Kindergarten, anapatsa ana timatabwa tomangira m'kabokosi, nawaphunzitsa kutibweza bwino atatha kusewera. Mu 1932 mmisiri wa matabwa Ole Kirk Christiansen wa ku Billund, m'dziko la Denmark, nchito yomanga nyumba itasowa, anayamba kupanga zoseweretsa za mitengo. Nchitoyo ndiyo inatchedwa Lego, ndipo mu 1949 inayamba kupanga tinjerwa ta pulasitiki. Lero zidole za pulasitiki zochokera kutali tizipeza m'masitolo a ku Limbe ndi pa kaunjika. Chinthu chogulidwa mwana sakhoza kuchiumbanso chikathyoka. Chifukwa chache kholo liopa, ndipo mantha afuna bokosi.

Ife sititsutsa bokosilo, iai. Nchabwino kuti mwana aphunzire kusamala chimene wapatsidwa, asachisiye pabwalo kuti mbuzi ichiponde kapena chiswe chichidye. Amene asonkhanitsa zidole zache madzulo ali ndi zaka 5 sadzasiya khasu kumunda ali ndi zaka 20. Ndiponso nchito yokhoma bokosi njolemekezeka. Mishoni ya Blantyre, imene inayamba mu 1876, inaphunzitsa anyamata kupala matabwa pamodzi ndi kuwerenga; ndipo Ambuye mwini anatchedwa mmisiri wa mitengo ndi anthu a kwao.

Koma loko ndi nkhani yina. Timve poyamba mau a iwo olifuna, pakuti sali opusa. Tate aphwanya miyala pa Njuli sabata lonse, manja ache ali matuza, nagulira mwana wache kagalimoto pa Krisimasi. Dzuwa lisanalowe ana a pakhomo lina athyola gudumu. Kodi tate ameneyu alakwa pofuna loko? Tili kumva kuwawa kwa mtima wache, ndipo makolo a ana othyolawo, ngati ali Akristu, ayenera kupepesa ndi kukonza, asamangoti, "Ndi ana amenewa." Kulekerera mwana wosakaza za mnzache kulinso tchimo.

Komabe tifunse chimene mwana aphunzira tsiku limene timkoleka kiyi m'khosi. Tonse taona chochitika pa bwalo la mpira. Wachikulunga ukhala wa onse osewera. Ukamasuka, onse afunafuna mapepala ndi zingwe. Koma ukadza mpira wogula, mwiniwache asanduka mfumu. Asankha amene asewere, ndipo anzache ayamba kumnyengerera ndi mau okoma ndi timbatata tootcha. Akagonja, anyamula mpira wache nanka kwao, masewero natha. Pamenepo ana awiri aonongeka pamodzi: wina aphunzira kumana, wina aphunzira kusyasyalika. Kagalimoto kathyoka kapena kutha chaka chisanathe, koma makhalidwe awiriwa akula naye munthu, ndipo tiwapezanso pa milandu ya minda ndi ya chuma cha masiye. Akulu akale anati kupatsa nkuika. Iwo anadziwa kusunga; anali ndi nkhokwe zomatidwa bwino. Koma anadziwanso kuti pali malo ena osungirapo, ndiwo mitima ya anansi, ndipo mwana wa kiyi m'khosi sadzawapeza msanga.

Wina adzati, "Nanga chinthu cha mtengo wapatali, chimene mlongo wathu anatumiza kuchokera ku Johannesburg?" Chimenecho amai achisunge m'sutikesi mwao, nachitulutse pa nthawi yache iwo ali pomwepo. Kulondera chuma ndi katundu wa akulu, tisamsenzetse mwana.

Palinso chifukwa china choopsa koposa, chimene tipempha amisiri onse achimve. Mwana aona bokosi ngati nyumba. Pochita chibisaliro adzalowamo nadzitsekera, kapena mnzache adzamtsekera mwa nthabwala naiwala. M'maiko amene mabokosi otere achuluka, ana ena anafa chifukwa chosowa mpweya m'katimo, ndi ena chifukwa chivindikiro cholemera chinawagwera pakhosi alikusuzumira. Chotero ngakhale iye wosabvomereza mau athu oyamba aja abvomereze awa: pa bokosi la ana pasakhale loko, kapena mpiringidzo, kapena kanthu kalikonse kotsekera kunja.

Tsono likhomedwe motere. Matabwa a paini akwanira, pakuti apepuka. Mlombwa ndi mbawa zilemera, ndipo mtengo wache ngwaukulu. Mkungudza wa ku Mulanje musaufune konse, pakuti watsala pang'ono kutha ndipo lamulo liuteteza. Utali wache ukhale ngati mainchesi 24, kupingasa 14, msinkhu 14, kuti mwana afike pansi pache osagweramo. Chivindikiro chikhale chopyapyala, chongoikapo ndi kuchotsa, chopanda mahinje. Kapena lisakhale nacho konse, amai aphimbepo nsalu. Mubowole mabowo a mpweya m'mbali ziwiri. Ngodya zonse zipalidwe, ndi nsonga za misomali zikhomereredwe bwino m'thabwa. Pansi muikepo timiyendo, chifukwa cha chinyontho ndi chiswe.

Ngati tate akhoma yekha, asampirikitse mwana. Amgwiritse misomali, amlole kupala thabwa limodzi, ngakhale lidzatuluka lokhota. Ndipo bokosi litatha, tisalidzaze ndi zogula zokha, ndi kutaya kunja mawaya, zitsekerero za mabotolo ndi ng'ombe zadongo monga zinyalala. Pakuti tikatero tamuuza mwana kuti cha m'sitolo chiposa cha manja ache, ndipo adzaleka kupanga. Zimenezo zilowemo poyamba.

Kwatsala zogwirira. Mubowole mabowo awiri mbali iyi ndi awiri mbali inayo, mupisemo chingwe cha khonje, mumange mfundo m'kati. Mwana mmodzi sadzakhoza kulinyamula, ndipo adzaitana mnzache agwire mbali inayo. Chingwecho chikhale chokhuthala, pakuti adzalitulutsa tsiku ndi tsiku kunka nalo pansi pa mtengo wa mango, ndi kulibweza dzuwa likalowa.