Pepala la m'chipanda

Padangokhala abale awiri ku Lahaina, pachilumba cha Maui ku Hawaii. Munali mu 1826, patapita zaka zisanu ndi chimodzi amishonale ochokera ku Boston atafika pa sitima yotchedwa Thaddeus. Baibulo lathunthu m'chinenero chakumeneko linadzatuluka mu 1839, choncho ofuna ubatizo ankaphunzira pa timapepala ta katekisimu ndi mavesi owerengeka. Pepala limodzi linkazungulira mudzi wonse. Ubatizowo sunalinso wapafupi: ngakhale mfumukazi Kaahumanu, ndi mphamvu zake zonse, anadikira mpaka Disembala 1825.

Wamkulu mwa abalewo anali wogwira mutu. Pepala litamufika analoweza lonse usiku umodzi, nalibisa m'chipanda kudenga kuti anzake asamupose. Mng'ono wake, msodzi, anangogwirapo mavesi atatu basi. Koma madzulo alionse akavuuka panyanja ankapita kwa gogo wina wosaona, nsomba ili m'manja, n'kumubwerezera atatu omwewo.

"Achimwene, ndibwerekeniko pepala lija. Agogo akufuna kumva zotsatira zake."

"Linatayika," anatero mkuluyo, maso ali kumbali.

Tsiku la mafunso litakwana, mkulu uja anayankha zonse osaphonya ndi limodzi lomwe, anthu mpaka kugwira pakamwa. Kenaka mmishonale anati, "Mwakhoza. Nanga pepala lija lili kuti? Anzanu akumtunda alidikira miyezi itatu."

Mkulu uja anathamangira kunyumba, natsitsa chipanda chija. Kutsegula, mphemvu balala! Pepala linali litasanduka nyenyeswa. Anabwerera manyazi atamugwira, naulula zonse.

Msodzi atafunsidwa anachita chibwibwi, thukuta lili kamukamu. Apo gogo uja anadzuka ndi ndodo yake, natchula mavesi atatu aja bwinobwino. "Ine maso ndilibe, aphunzitsi. Mawuwa ndinawapeza pakamwa pa mwanayu, ndipo sanabwerepo chimanjamanja."

Mmishonale analemba maina awiri, la gogo ndi la msodzi. Kwa mkulu uja anati, "Inu mudikire kaye. Komabe dziwani kuti kuno mawu onse a papepala lija atsala m'mutu mwanu mokha."

Usiku umenewo mkulu uja tulo sanatione. M'mawa mwake dzuwa litapendeka, msodzi pofika kwa agogo anapeza mkulu wake atakhala pakhomo, anthu akumtunda atamuzungulira, akuyamba vesi lachinayi pang'onopang'ono kuti nkhalambayo igwire.