Malo m'Boti

Kwathu ku Guilleme mwana amakula akumva kuti chakudya sichichepa, chimachepa n'chovala. Mwambi umenewu sitimauthera pa nsima pokha ayi. Ngolo ikamapita ku chigayo, mwini ng'ombe amene wasiya gogo panjira ponena kuti malo atha amakambidwa mudzi wonse kufikira madzulo. Pa matola ochokera kwa Kamwendo mawu amene mumamva kawirikawiri ndi akuti, "Tathinanani pang'ono, akwere anzathuwa." Ndipo anthu amathinanadi, wina mwendo uli panja, wina atanyamula mwana wa munthu amene sakumudziwa n'komwe. Umunthu wa munthu timauyeza pamenepo: kodi amasendeza thako lake kuti mnzake akhale?

Funso limene ndikufuna tikambirane, anzanga, ndi ili: kodi pali malo ena pamene kukana munthu kumakhala chifundo choposa kumulandira? Ngati alipo, tingawasiyanitse bwanji ndi malo ambirimbiri pamene anthu amakana mnzawo chifukwa cha umbombo chabe, nabisala kuseri kwa mawu akuti "malo atha"?

Ine funsoli linandipeza pa nyanja, mwezi wa July, pa ulendo wa pa Ilala pakati pa Nkhata Bay ndi Chilumba. Sitimayi inapangidwa ndi kampani ya Yarrow kufupi ndi Glasgow ku Scotland mu 1949, inabwera ziduswaziduswa kudzera ku Mozambique, ndipo atailumikiza ku Monkey Bay inayamba kuyenda mu 1951. Dzina inatengera ku Ilala yoyamba imene amishoni a Livingstonia anafika nayo pa nyanjayi mu 1875. Chimene ambiri amaiwala n'chakuti Ilala inabwera kudzalowa m'malo mwa sitima ina. Pa 30 July 1946 Vipya inamira kufupi ndi Chitimba, m'gombe lomwelo la kumpoto, m'nyengo yomweyo ya chisanu, ndipo anthu 145 anathera pomwepo.

Munthu wa kumtunda ngati ine amaganiza kuti chisanu ndi nkhani ya bulangete ndi kuwotha moto wa zitsononkho. Kunyanja chisanu chimadza ndi mwera, mphepo yochokera kumwera cha kum'mawa imene imawomba kuyambira May mpaka cha m'August. Poti nyanja yathu inatalika kuchokera kumwera kunka kumpoto, mtunda wopitirira makilomita 500, mphepoyi imakhala ndi bwalo lonse lothamangira, ndipo ikamafika ku Usisya mafunde amakhala atakula msinkhu. Kumeneko mapiri amagwera m'madzi mwachindunji, ndipo chakumpoto komweko ndi kumene nyanja inazama koposa, pafupifupi mamita 700. Pa Usisya, pa Ruarwe, pa Tcharo ndi pa Mlowe sitima siifika pamtunda. Imaima patali, amalinyero n'kutsitsa maboti awiri a injini amene amapachikika m'mbali mwake, ndipo anthu, matumba a ufa, malata, simenti ndi nkhuku zimatsikira m'menemo pa makwerero, boti likuvina pansipo.

Pa Ruarwe, kumene sindinaone msewu wa galimoto, ndinaima pafupi ndi makwererowo m'mawa wozizira. Boti linali litalandira anthu angapo ndi katundu. Kenaka mmalinyero wina anapingasa mkono wake pakhomo, mayi wina wobereka mwana atatsala phazi limodzi kuti atsike. "Mayi, dikirani, tibweranso," anatero. Anthu anayamba kung'ung'udza, ena m'chiyankhulo cha kumeneko chimene sindinkachimva bwino, ena m'Chichewa: "Munthu mmodzi yekha, achimwene? Mwana akuzizidwa uyu!" Mkono sunasunthe.

Tsono tiyeni tiweruze. Malinga ndi chiphunzitso cha kwathu, bambo ameneyu analakwa. Malo ankaoneka kuti alipo, ndipo akanati athinane, mayiyo akanakhala. Komatu ngolo ndi boti n'zosiyana pa chinthu chimodzi chachikulu. Ngolo ikalemedwa ng'ombe zimaima, ena n'kutsika, ulendo n'kupitirira. Matola akalemedwa mumamva kulira kwa zitsulo, mpata wolapa ulipo. Madzi sachenjeza motero. Boti lodzaza limayenda bwinobwino kufikira funde limodzi litadumpha m'mphepete mwake. Madzi olowawo amalitsitsa pang'ono, funde lachiwiri limalowa mosavuta kuposa loyamba, anthu amadzidzimuka n'kutsamira mbali imodzi, basi zathera pomwepo. Munthu womaliza kukwera sadzilipirira yekha mtengo wa kukwera kwake. Amalipira ndi onse amene anakwera kale, pamodzi ndi mwana amene timamumvera chisoni uja.

Azungu a ku Britain anaphunzira zimenezi atataya amalinyero ambiri. Eni sitima ankadzaza katundu mopyola muyeso, podziwa kuti sitima ikamira inshuwalansi idzawabwezera. Phungu wina wa nyumba ya malamulo, Samuel Plimsoll, analimbana nawo kufikira lamulo la 1876 linakakamiza kuti pathupi pa sitima pazijambulidwa mzere woonetsa polekezera kulemera. Onani kuti mzere umenewu unajambulidwa pofuna kuteteza osauka kwa olemera. Malire si mdani wa wosauka nthawi zonse.

Koma ndisafulumire kuvomereza, chifukwa fanizo la boti lodzaza ndi lokoma kwambiri m'kamwa mwa anthu okhuta. Mu 1974 katswiri wina wa ku America, Garrett Hardin, analemba nkhani yotchedwa Lifeboat Ethics, m'mene anayerekeza maiko olemera ndi boti lopulumukiramo, ife osauka n'kukhala osambira m'madzi ofuna kukweramo. Uphungu wake unali wakuti asatikweze, kuopa kuti tonse tingamire. Poyamba mawuwa amamveka ofanana ndi a mmalinyero wa pa Ruarwe. Ine ndikuti ndi osiyana kutalitali. Malire a boti anaikidwa ndi madzi, ndipo aliyense angathe kuwaona ndi maso: mpata wotsala pakati pa nyanja ndi mphepete mwa boti ndi wa zikhatho zowerengeka. Malire a Hardin anawaika ndi amene anakhala kale pansi, atatambasula miyendo. Dziko lathu lomwe lino, losauka chotere, linasunga anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique opitirira miliyoni imodzi cha m'ma 1992. Nkhuni zinasowa, minda inachepa, tinavutika ndithu, koma sitinamire.

Ngakhale m'sitima momwemo mizere iwiriyi ndinaiona yonse. Pansi, kumene timakwera a ndalama zochepa, anthu amagona mothinana pa matumba, fungo la usipa ndi la mafuta a injini liri tho. Pamwamba pali bwalo lalikulu ndi mipando, pamene alendo oona dziko amafunda bwino n'kumayang'ana nyenyezi. Chipata cha pakati pa malo awiriwa sichiri pamenepo chifukwa cha mafunde. Sindikunena kuti n'kulakwa kulipiritsa mosiyana. Mwina ndalama za apamwambawo ndi zimene zimathandiza kuti sitima ifikebe ku Ruarwe. Ndikungoti tisamasokoneze zipata ziwirizi, chifukwa munthu akatiuza kuti malo atha, tiri ndi ufulu womufunsa kuti: wanena ndani, madzi kodi, kapena thumba lanu?

Chinanso chimene ndakhala ndikuchisinkhasinkha ndi mawu otsiriza a mmalinyero uja: tibweranso. Botilo linapita, linatula anthu pa mchenga, linabweradi, mayi uja n'kutsika pa ulendo wachiwiri atakhala bwino. Maboti amapita ndi kubwera kufikira onse atatha. Nanga ngati ziri choncho, n'chifukwa chiyani anthu amakankhana pa makwerero ngati kwabuka moto? Ena amati ndi umbuli. Ine sindikuvomereza. Anthuwa anaphunzira bwino, kungoti sukulu yawo inali ya pamtunda. Amene anaimapo pa mzere wa feteleza kapena wa chimanga m'chaka cha njala amadziwa tanthauzo la mawu akuti "dikirani": amatanthauza kuti zatha, kapena kuti zotsalazo ziri ndi eni ake. Ine ndinaimapo pa mzere wotere ndi mayi anga kuyambira tambala woyamba, ndipo amene tinamvera mawu akuti tidikire ndife tinabwerera ndi matumba opanda kanthu. Munthu wotere mukamuuza kuti boti libweranso, akukhulupirireni chifukwa chiyani? Kukana kwa mmalinyero kunali kolungama chifukwa kunali ndi ngongole mkati mwake, ndipo ngongoleyo anaibweza pasanathe ola. Amene amakana anthu popanda kubwerera, kenaka n'kumadandaula kuti Amalawi sadziwa kuima pa mzere, akukolola zimene anafesa okha.

Mpaka apa nkhani ikuoneka ngati yatheka. Pamene pandivutabe ndi pa maboti amene alibe ulendo wachiwiri. Pa Pasaka wa 2017 boti lodzaza ndi akhristu ochokera ku mapemphero linagubuduzika kufupi ndi Mlowe, ndipo anthu anamira. Mu April 2023, kwathu ku Mchinji komwe, bwato linatembenuka pa mtsinje wa Rusa litanyamula anthu opita ku maliro. Taganizani za wopalasa pa doko lotere. Amene aima kutsogolo kwake si alendo ayi. Ndi azakhali ake, apongozi ake, mkulu wa mpingo wake. Alibe yunifolomu, alibe kaputeni woti amuikire kumbuyo, alibe nambala yolembedwa pathupi pa bwato yoti aloze. Dzuwa likupendeka, tsidya linalo adzukulu atha kale kukumba manda, ndipo mwambo sudikira munthu. Akati apingase mkono, mawa adzamwera mowa ndi yani? Ife a pa koleji pano n'kwapafupi kunena kuti akanayenera kukana. Koma mudzi umene unamulera unamuphunzitsa kwa zaka makumi awiri kuti wokana mnzake malo si munthu, ndipo sunamupatseko ngakhale mwambi umodzi woti adzitchinjirize nawo pa tsiku limene akana azakhali ake kukwera.