Kalulu ndi Chikwama Chopanda Dzina

Padangokhala. Tili tonse.

Pa Phiri la Zomba panali amayi a Nyani ogulitsa masitiroberi mumsewu wa Ku Chawe, ndipo anali ndi banki m'khonde yawo. Tsiku lina Kalulu wa ku Chinamwali anakwera phirilo atatchena suti.

"Amayi anga, ndalama yogona m'bokosi siibereka. Ndipatseni ndikugulireni Bitcoin, pofika Khirisimasi nonse mwafolera malata."

Anamukhuthulira zonse. Iye anawatumizira adiresi ya chikwama cha pa intaneti, kamzere katalikatali ka zilembo ndi manambala, kuti aziona chuma chikukula. Sabata isanathe chikwama chinali mbee, foni ya Kalulu zii.

Amayi anatsikira kupolisi m'tauni, kumene anapeza Kamba, wofufuza wodziwa kompyuta.

"Chikwama chilibe dzina, inde," anatero Kamba, "koma kaundula wake, amene amati blockchain, ndi wapoyera. Chiyambire 2009, Bitcoin iliyonse ikasuntha imalembedwamo, ndipo palibe wofufuta."

Kalulu anali atamwaza ndalamazo m'zikwama khumi kuti asokoneze mapazi. Kamba anazijambula papepala, kachikwama apa, kamuvi apo, nkumangodikira. Anthu ankati mkuluyu wagona.

Koma mumsika wa Zomba palibe amene angakupatse matemba a ku Chilwa ndi Bitcoin. Reserve Bank siiwerengera ngati ndalama yovomerezeka. Kalulu anafuna makwacha. Chifukwa cha phuma, anatulutsa za m'zikwama zonse khumi nthawi imodzi, kupita nazo kumsika wosinthira wa pa intaneti.

Kamba anagogoda papepala ndi chala. "Kuti zituluke pamodzi chonchi, pafunika makiyi a zikwama zonse khumi m'dzanja limodzi. Mwini wake ndi mmodzi."

Msika wosinthirawo sulola munthu kulowa osaonetsa chiphaso cha unzika ndi nkhope yake. Apolisi anatenga chilolezo kukhoti, ndipo chithunzi chitabwera, makutu aataliwo sanasowe kwa aliyense.

Anamupeza ku damu la Mulunguzi akuwotcha nyama.

"Abwana, chikwamacho si changa! Dzina langa lili pati?"

Makiyi onse khumi anapezeka m'foni yake. Kalulu anakalowa kundende yaikulu ya Zomba, koma amayi aja anangobwezeredwa theka. Zina anali atadya kale.

Kaphuleni mbatata. Yapserera!