Makina Osaopa Kulakwa

Ati tsiku lina Imam Malik, katswiri wa malamulo a Chisilamu wa ku Madina yemwe anamwalira m'chaka cha 795, anafunsidwa mafunso 48. Pa mafunso 32 anangoti sakudziwa. Anthu sanamuseke ayi, ulemu wake unachita kukulirakulira. Mkuluyu ankaopa kuti akasocheretsa munthu, mlandu wake akauyankha yekha pamaso pa Mulungu.

Nkhaniyi imandibwerera ndikaona makina a nzeru zochita kupanga, aja akuti AI, akulowa m'zachipembedzo. M'chaka cha 2019 boma la Dubai linayambitsa makina oyankha mafunso a swala pa intaneti. Amenewo bola, anali ndi eni ake odziwika. Koma chibwerereni ChatGPT mu 2022, Msilamu wa ku Cairo kaya ku Mangochi akhoza kufunsa foni yake za kusala, za ukwati, ngakhale za kagawidwe ka chuma cha masiye, yankho n'kubwera tiyi asanazizire.

Funso langa n'lakuti, yankho limenelo mwini wake ndani? Asilamu akale pa mfundo iyi sankachita masewera. Imam Bukhari, yemwe anamwalira mu 870, ankati akamva hadisi, ankafufuza kuti wanenayo anaimva kwa yani, winayo kwa yani, mpaka kukafika kwa Mtumiki. Wina mumzerewo akapezeka kuti ndi wabodza kapena woiwalaiwala, mawuwo ankaikidwa pambali. Tsono makinawa anameza mabuku a akatswiri pamodzi ndi zolemba za ambutuma, n'kuphika zonse mumphika umodzi. Nthawi zina amapeka ndi hadisi yomwe, ali phee, osaphethira.

Inde, nawonso amatha kunena kuti, "Kafunseni shehe." Koma amenewo si mantha a Malik. N'kuchenjera chabe kwa kampani yoopa milandu ya pansi pano.

Komabe tisafulumire kutukwana. Taganizirani mayi amene ali ndi funso la kumwezi m'nyengo ya Ramadan, ndipo shehe wa pamzikiti wawo ndi mnzawo wa amuna ake. Akayamba bwanji? Foni siseka munthu, siulula zam'nyumba. Mayiyo akafunsa usiku ana atagona, ine sindingamuloze chala. Chondivuta n'chakuti akauzidwa zolakwika n'kuzitsata mwezi wonse, alibe khomo loti akagogode, pamene shehe uja, ndi zofooka zake zonse, Lachisanu lililonse amapezeka.